Filimu imene akatswiri analavula koma dziko n'kumeza

Roger Ebert anakhala zaka zoposa 40 akuunika mafilimu m'nyuzipepala ya Chicago Sun-Times ku America, ndipo mafilimu oipa anali ataona ambiri. Koma atatuluka m'holo momwe anakaonera Transformers: Revenge of the Fallen mu June 2009, mkuluyu analangiza owerenga ake kuti asataye ndalama pogula tikiti. Wofuna kulawa filimuyo, anatero, angolowa kukhitchini, atsegule nyimbo ya kwaya ya abambo yoimba za ku gehena, apatse mwana mapoto ndi ziwaya kuti aziwombanitsa, kenako atsinzine n'kumadzipekera yekha zotsalazo. Pa nyenyezi zinayi zimene ankapereka kwa filimu yomugwira mtima, iyi anaiponyera imodzi. Patapita zaka zitatu, atasonkhanitsa m'buku ndemanga zake za mafilimu amene anam'nyansa, mutu wa bukulo anautenga m'chiganizo choyamba cha ndemanga yomweyi.

Peter Travers wa magazini ya Rolling Stone sanapereke nyenyezi ngakhale imodzi, ndipo anati filimuyi inali ndi mwayi waukulu wokhala yoipitsitsa pa zaka khumi zonsezo. Pa Rotten Tomatoes, pomwe amasonkhanitsa ndemanga za ounika mafilimu n'kuwerengera kuti ndi angati ayamikira, inapeza pafupifupi 20 pa 100 alionse. Ndiye kuti mwa akatswiri asanu, anayi anapukusa mutu.

Anthu anamva zonsezi. Atamva, anakaima pamzere wa matikiti.

Filimuyi inatuluka pa 24 June 2009, ndipo m'masiku asanu oyamba inatolera pafupifupi $200 miliyoni ku America ndi Canada kokha, ndalama zofanana ndi zimene zinalowa poipanga. Pomwe inkachoka m'maholo n'kuti itasonkhanitsa $402 miliyoni m'mayiko awiriwo, ndi $836 miliyoni padziko lonse. Ku America chaka chimenecho inangoposedwa ndi Avatar ya James Cameron. Kuyambira pamenepo, aliyense wofuna kunena kuti ounika mafilimu ndi anthu odzimva, osadziwa chimene munthu wamba amakonda, amatulutsa filimuyi ngati umboni. Ine ndikuona kuti umboniwo amauwerenga chadodolido.

Zinayamba ndi zidole

Transformers sinachokere m'buku kapena m'nthano. Inachokera m'sitolo. Mu 1984 kampani ya zidole ya Hasbro ya ku America inatenga zidole za kampani ya Takara ya ku Japan, maloboti oti ukawapindapinda amasanduka galimoto, ndege kapena mfuti, n'kuwapatsa mayina ndi magulu awiri: a Autobot otsogozedwa ndi Optimus Prime, ndi adani awo a Decepticon otsogozedwa ndi Megatron. Katuni ya pa TV inabwera kuti zidolezo zigulidwe. Ana amene anakula nazo anali atasanduka abambo a ndalama m'thumba pomwe Paramount ndi DreamWorks zinkatulutsa filimu yoyamba mu 2007, yotsogoleredwa ndi Michael Bay, munthu wodziwika ndi kuphulitsa zinthu m'mafilimu monga Bad Boys, Armageddon ndi Pearl Harbor.

Filimu yoyambayo akatswiri sanaikonde onse, koma oposa theka anaivomereza, ndipo Ebert yemweyu anaipatsa nyenyezi zitatu. Inali ndi msana. Steven Spielberg, yemwe anali mmodzi mwa akuluakulu oyang'anira ntchitoyo, analangiza kuti nkhani ikhale ya mnyamata ndi galimoto yake yoyamba. Sam Witwicky, yemwe ankaseweredwa ndi Shia LaBeouf, akugula chiphapha cha Camaro yachikasu kuti mwina mtsikana wa kusukulu amuyang'aneko, osadziwa kuti chiphaphacho ndi loboti yochokera kudziko lina. Nkhani yotere munthu ukhoza kuifotokozera mnzako m'minibasi musanafike pasiteji yotsatira. Inapeza ndalama zoposa $700 miliyoni, ndipo funso loti kodi kubwera yachiwiri silinafunsidwe n'komwe.

Tsiku linakhazikitsidwa nkhani isanabadwe

Apa m'pamene panagona vuto lonse, ndipo ndi pamene okangana za filimuyi amadumpha. Paramount inalengeza mu 2007 kuti filimu yachiwiri idzatuluka kumapeto kwa June 2009. Tsiku lotere ku Hollywood silisunthidwa wamba. Maholo amakhala atasungidwa, opanga zidole atayamba kuumba, makampani a zakudya ndi magalimoto atasainira zotsatsa malonda. Kenako pa 5 November 2007 bungwe la olemba mafilimu ndi mapologalamu a pa TV, Writers Guild of America, linayamba kunyanyala ntchito, makamaka pofuna gawo loyenera la ndalama za ma DVD ndi za mafilimu oonetsedwa pa intaneti. Sitirakayo inatha pa 12 February 2008, patadutsa masiku 100.

Olemba atatu a filimuyi, Roberto Orci, Alex Kurtzman ndi Ehren Kruger, anangokwanitsa kupereka chigoba cha nkhani sitiraka isanayambe. Iwo ali kunyumba, ntchito sinaime. Bay anatenga chigobacho n'kumachikulitsa yekha, akusankha malo okajambulira, akukonza nkhondo zoti zidzaoneke, ndipo akatswiri a makompyuta anayamba kumanga maloboti. Olembawo atabwerera anapeza denga litakwera kale, iwo n'kuuzidwa kuti akumbe maziko pansi pake. Ntchito yawo inasanduka yopeza zifukwa zoti anthu a m'filimu achoke pa nkhondo iyi kukafika pa nkhondo iyo. Kujambula kunayamba chapakati pa 2008. Mu July chaka chomwecho LaBeouf anavulala dzanja pa ngozi ya galimoto ku Los Angeles, ndipo nalonso bandeji analipezera kachifukwa m'nkhanimo kuti makamera asaime.

Wina asati olembawo anali mbuli. Orci ndi Kurtzman ndi omwenso analemba Star Trek ya J. J. Abrams, imene inatuluka mu May 2009, mwezi umodzi ndi theka Transformers isanatuluke, ndipo akatswiri oposa 90 pa 100 alionse anaiyamikira. Manja omwewo, chaka chomwecho, zipatso ziwiri zosiyana.

Yesani kuifotokoza

Njira yachidule yodziwira chimene ounika mafilimu ankadandaula ndi kuyesa kufotokoza filimuyi. Sam akupita ku koleji. Wakhudza kachidutswa ka chinthu china chimene chinaphwanyika m'filimu yoyamba, ndipo m'mutu mwake mwadzaza zilembo zachilendo. A Decepticon avuula Megatron pansi pa nyanja. Pamwamba pa Megatron palinso bwana wina, wotchedwa The Fallen, yemwe anabisa makina ozimitsira dzuwa mkati mwa piramidi ya ku Egypt zaka masauzande zapitazo. Makinawo amafuna kiyi, kiyiyo ili m'manda a maloboti akale, mandawo ali ku Petra m'dziko la Jordan, ndipo kiyi yomweyo ikhozanso kuukitsa Optimus Prime, yemwe wafa filimu ili pakati. Ukaigwira imasanduka fumbi. Sam akuthira fumbilo mu sokosi, akuthamanga nalo m'chipululu mabomba akuphulika, akufa, akukumana ndi mizimu ya maloboti kumwamba kwa maloboti, akuuka.

Pakati pa zimenezi pali mayi ake a Sam atadya keke ya chamba n'kumathamangathamanga pa koleji, agalu akukwerana, kaloboti kakang'ono kakukakamira mwendo wa Megan Fox, wosewera chibwenzi cha Sam, mtsikana wokongola wa pa koleji yemwe akupezeka kuti ndi loboti ya lilime lachitsulo, ndi loboti yokalamba yoyendera ndodo. Zonsezi kwa maola awiri ndi theka. Akale anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, ndipo Bay sanasiye chipatso ngakhale chimodzi mumtengomo.

Ngakhale mapu sanalemekezedwe. Anthu akulowa m'nyumba yosungira ndege zakale ya Smithsonian kufupi ndi Washington, akutulukira khomo lakuseri, ali m'chipululu cha Arizona, mtunda wa makilomita oposa 3,000. Zili ngati kulowa m'sitolo ku Limbe n'kutulukira ku Cape Town. Petra ndi mapiramidi a ku Giza akuoneka ngati midzi yoyandikana, pamene pakati pake pali chipululu chonse cha Sinai ndi malire a mayiko. Zolakwika zotere pazokha sizipha filimu, mafilimu ambiri abwino ali nazo. Zimangoulula kuti panalibe amene anali ndi nthawi yofunsa kuti kodi izi zikumveka.

Dandaulo limene linabwerezedwa kwambiri linali la maso ndi makutu. Maloboti a Bay ali ndi tizidutswa masauzande tomayenda nthawi imodzi, ambiri mwa iwo ndi otuwa ngati chitsulo, ndipo kamera siikhazikika. Awiri akagwirana, woonera sadziwa kuti mkono uwu ndi wa ndani, wagwayo ndi mdani kapena ndi wathu. Nkhondo yomaliza ya m'chipululu imatenga nthawi yaitali zedi, koma ndi ochepa amene angakujambulireni papepala kuti Sam ali pati, asilikali ali pati, ndipo akuthamangira kuti. Munthu akakhala kuti sakudziwa chimene chingatayike, phokoso limasiya kumuopsa. Limangomutopetsa.

Pamene ulemu ukuyenera

Kunena kuti mulibe chabwino m'filimuyi kungakhale kunama, ndipo ena mwa akatswiri anapyola muyezo pofuna kuposana kunyoza. Kampani ya Industrial Light & Magic, imene George Lucas anaiyambitsa mu 1975 popanga Star Wars, inachita ntchito yoti panthawiyo inali isanaonekepo. Maloboti anachoka pa khumi ndi angapo a m'filimu yoyamba kufika pa oposa 40. Zigawo zina zinajambulidwa ndi makamera a IMAX, a zithunzi zikuluzikulu, ndipo opanga filimuyi ananena kuti chithunzi chimodzi cha zigawo zimenezo chinkatha kutengera makompyuta maola 72 kuti chimalizike. Pa sekondi imodzi ya filimu pamadutsa zithunzi 24. Devastator, chiloboti chopangidwa ndi magalimoto angapo a zomangamanga ataphatikana, chimene chimayamwa mchenga ndi magalimoto n'kukwera piramidi, chinali chimodzi mwa zinthu zovuta kwambiri zimene kampaniyo inali itamangapo pa kompyuta. Ndiye taonani chimene anachichita nacho: anachipachika mipira iwiri yachitsulo pakati pa miyendo kuti John Turturro, katswiri wa zisudzo wolemekezeka, aime pansi pake n'kunena nthabwala ya ana a sitandade 5.

Pali chigawo chimodzi chimene ngakhale odana ndi filimuyi amachivulira chipewa. M'nkhalango, Optimus Prime ali yekha akulimbana ndi Megatron, Starscream ndi Grindor pofuna kuteteza Sam. Pamenepo kamera yabwerera m'mbuyo pang'ono. Mitengo ikukuuza kukula kwa zimphonazo, Optimus ndi wofiira ndi wabuluu pakati pa adani otuwa, mnyamata akuoneka kachinthu kakang'ono kothawa pakati pa mapazi achitsulo, ndipo chimene akulimbirana n'chodziwika. Optimus akugonja, akubayidwa kumsana, akugwa. Ndaonapo chigawo chimenechi kangapo ndipo sichinanditopetse. Chimanditsimikizira kuti Bay amadziwa kujambula nkhondo yomveka akafuna. Kwa ine chimenechi ndiye chimakulitsa mlandu wake.

Panalinso omuikira kumbuyo. Armond White wa New York Press, wodziwika ndi kupita kumene anzake sakupita, anayamikira luso la Bay loyendetsa zithunzi. Ndipo ku mphoto za Oscar filimuyi inalowa nawo m'gulu la opikisana pa kasakanizidwe ka mawu ndi phokoso, ngakhale mphotoyo inapita kwa The Hurt Locker. Pa mphoto ya zithunzi zopangidwa ndi kompyuta, pamene ndalama zambiri zinathera, sinaitanidwe. Opikisana anali Avatar, Star Trek ndi District 9.

Mapasa a dzino lagolide

Mkangano wowawa kwambiri unali wa maloboti awiri amapasa, Skids ndi Mudflap. Ali ndi makutu akuluakulu ndi maso otuluka, mmodzi ali ndi dzino lagolide, amalankhula Chingerezi cha m'misewu chimene mafilimu a ku America amakonda kuika m'kamwa mwa anyamata akuda, amangokhalira kutukwanizana ndi kumenyana, ndipo pena amavomera kuti kuwerenga si mbali yawo. Ounika mafilimu ambiri, kuphatikizapo Manohla Dargis wa New York Times, anaona m'mapasawa chithunzi chakale chonyoza anthu akuda, chija cha m'zisudzo zimene azungu ankadzipaka makala kumaso. Bay anakana. Anati ndi nthabwala chabe zosangalatsa ana, ndipo khalidwe la mapasawo linachokera kwa amene anawalankhulira mawu, Tom Kenny ndi Reno Wilson, womalizayu ali munthu wakuda. Koma dzino lagolide silichokera m'mawu. Wina analijambula, wina analivomereza, ndipo makompyuta anathera maola ambiri akulinyezimiritsa. M'filimu yachitatu mapasawo sanapatsidwenso mbali.

Mapasawa analinso otsatsa malonda. Onse awiri amasanduka timagalimoto ta Chevrolet, monganso Bumblebee, loboti ya Sam ija, amasanduka Camaro, pakuti General Motors inali bwenzi lalikulu la mafilimuwa. Kampaniyo inakadziwonetsa kukhoti kuti yalephera kubweza ngongole pa 1 June 2009, patatsala milungu itatu kuti magalimoto ake apulumutse dziko pa kanema.

Patapita pafupifupi miyezi iwiri filimuyi itatuluka, kunabwera District 9 ya Neill Blomkamp, wobadwira ku South Africa, nkhani ya zolengedwa za kudziko lina zotsekeredwa m'zisakasa za ku Johannesburg. Inapangidwa ndi ndalama pafupifupi $30 miliyoni, inapeza zoposa $200 miliyoni, akatswiri anaiyamikira kwambiri, ndipo inapikisana nawo pa Oscar ya filimu yabwino koposa. Imeneyi ndi yankho kwa onena kuti ounika mafilimu amadana ndi maloboti ndi mfuti. Sadana nazo. Chaka chapitacho anali atayamikira The Dark Knight, nayonso filimu yachiwiri yodya ndalama zambiri, imene inapitirira $1 biliyoni, monga momwe anayamikirira Terminator 2 mu 1991.

Koma District 9 imaululanso khungu la akatswiriwo. M'filimumo muli gulu la zigawenga zotchedwa za ku Nigeria, zogulitsa zida ndi kudya ziwalo za zolengedwazo pofuna mphamvu. Mtsogoleri wawo, Obesandjo, anaseweredwa ndi Eugene Khumbanyiwa, mwana wa ku Malawi, ndipo Mmalawi woonera amadzidzimuka kumva mawu a Chichewa m'kamwa mwa anthu amene filimu ikuti ndi a ku Nigeria. Boma la Nigeria, kudzera mwa nduna yofalitsa nkhani Dora Akunyili, linakwiya n'kulamula kuti filimuyo ichotsedwe m'maholo. Ambiri mwa akatswiri a ku America amene anaona msanga chipongwe cha Skids ndi Mudflap anadutsa pa nkhani ya a ku Nigeria mopepuka, chifukwa filimuyo inali yabwino ndipo chipongwecho chinali cha kutali ndi kwawo. Tsono sindikunena kuti akatswiri ndi angelo. Amaona bwino chimene chili pakhomo pawo.

Kodi tikiti ndi voti?

Akuluakulu a Paramount atafunsidwa za ndemanga zoipazo, yankho lawo linali lakuti akatswiri aiwala cholinga cha filimuyi, chomwe ndi kusangalatsa anthu, ndipo anthuwo asonyeza maganizo awo ndi ndalama. Yankho limeneli limamveka lamphamvu mpaka utafunsa kuti munthu amalipira nthawi yanji. Tikiti imagulidwa filimu isanaonedwe. Amene anadzaza maholo m'masiku asanu oyamba aja sankalipira Revenge of the Fallen, pakuti anali asanaione. Ankalipira chisangalalo chimene anapeza mu 2007, ndi zotsatsa zimene zinali paliponse. Ndalama za filimu yachiwiri kwenikweni ndi malipiro a filimu yoyamba. Ngongole ya yachiwiriyo imadzalipidwa kutsogolo.

Ndipo anthu wamba nawo anaonetsa kakhwinya. Kampani ya CinemaScore imafunsa oonera akamatuluka m'holo usiku woyamba kuti apereke giredi ngati ya kusukulu. Amenewa amakhala okonda filimuyo kale, othamangira tsiku loyamba, choncho magiredi ake amakhala okwera nthawi zambiri. Filimu yoyamba anaipatsa A. Yachiwiriyi anaipatsa B+. Si kulephera, koma kwa anthu amene anabwera atavala malaya a Optimus Prime, kutsika kumeneko kuli ndi tanthauzo.

Onani tsono momwe ndalama za ku America ndi Canada zinayendera pambuyo pake. Dark of the Moon ya 2011 inapeza $352 miliyoni, ngakhale matikiti ambiri anali okwera mtengo chifukwa cha 3D. Age of Extinction ya 2014 inapeza $245 miliyoni. The Last Knight ya 2017 inapeza $130 miliyoni. Revenge of the Fallen ndiyo inali pansonga, ndipo kuchokera pamenepo ulendo unali wotsetsereka.

Wotsutsa adzanena, ndipo adzanena zoona, kuti padziko lonse filimu yachitatu ndi yachinayi zinapitirira $1 biliyoni iliyonse. Zinatero chifukwa msika unasamuka. Age of Extinction inajambulidwa mbali ina ku Hong Kong ndi ku China, inadzaza ndi katundu wa makampani a kumeneko, ndipo ku China inapeza ndalama zambiri kuposa kwawo ku America. Filimu ya mtundu umenewu imawoloka malire mosavuta chifukwa bomba silifuna womasulira. Amene tinakulira m'mavidiyo sho a m'matauni mwathu timazidziwa bwino: pa benchi, m'kachipinda ka mdima, mnyamata womasulira m'Chichewa amatha kuwapatsa maloboti mayina akeake, kuwaikira nthabwala za kumsika, ngakhale kupeka nkhani ina pamwamba pa zithunzizo, anthu n'kumafa ndi phwete. Nthawi zina nkhani yake imamveka bwino kuposa imene inalembedwa ku Los Angeles. Koma nawo msika wakunjawo unadzatopa. The Last Knight inangopeza pafupifupi $605 miliyoni padziko lonse, kutsika ndi pafupifupi theka, ndipo Bay sanatsogolerenso filimu ina ya Transformers pambuyo pake.

Eni ake anavomera

Pa 6 March 2010, usiku woti mawa lake kuli Oscar, kunachitika mwambo wa Golden Raspberry, wodziwika kuti Razzie, wopereka mphoto zachipongwe kwa mafilimu oipitsitsa. Revenge of the Fallen inatenga zitatu: filimu yoipitsitsa, wotsogolera woipitsitsa ndi nkhani yolembedwa moipitsitsa. Usiku umenewo Sandra Bullock anabwera yekha kudzalandira Razzie yake ya All About Steve, mawa lake n'kukalandira Oscar ya The Blind Side. Bay sanabwere.

Razzie ndi masewera, ndipo munthu akhoza kuinyalanyaza. Chovuta kunyalanyaza ndi pakamwa pa eni filimu. Mu May 2010, ali ku chikondwerero cha mafilimu cha Cannes ku France, LaBeouf anauza atolankhani kuti sanakhutire ndi zimene anapanga. Anati anasochera pofuna kukulitsa chilichonse, ndipo ubale wa anthu a m'nkhani, umene unagwira filimu yoyamba, unatayika, n'kutsala maloboti akumenyana basi. Mu 2011 Bay mwiniwake, polankhula ndi magazini ya Empire, anavomera kuti analakwitsa, mbali ya mizimu ija anaitchula ndi liwu losayenera kulembedwa m'nyuzipepala ya banja, ndipo analoza chala sitiraka ija, nati n'zowawa kupanga filimu imene nkhani yake iyenera kupezeka m'milungu itatu. Megan Fox anali atachoka kale, atayerekeza kalamuliridwe ka Bay pa ntchito ndi ka Hitler pocheza ndi magazini ina mu 2009.

Inde, kuvomera kotere kuli ndi fungo la malonda. Onse awiriwa ankalankhula filimu yachitatu ili m'njira, ndipo kunyoza yapitayo ndi njira yakale youzira anthu kuti ikubwerayi ndiye yeniyeni. Komabe zimene ananenazo n'zomwe Ebert ndi anzake analemba sabata yoyamba, pamene ankatukwanidwa ndi okonda filimuyi kuti ndi nkhalamba zosadziwa kusangalala. Kusiyana kwake n'kwakuti akatswiri ananena ndalama zisanatoleredwe, eni ake ananena zitalowa kale kubanki.

Apa ndi pamene ndimasiyana ndi anzanga amene amati ntchito ya wounika mafilimu inatha. Iwo amaganiza kuti wounika ndi wolosera, woti akanena kuti filimu ndi yoipa ndiye kuti maholo akhale opanda anthu, ndipo akadzaza ndiye kuti wagwa nayo. Ntchito yake si imeneyo. Filimu yokhala ndi zidole m'sitolo iliyonse ndi zotsatsa pa TV iliyonse siimitsidwa ndi ndime zisanu za m'nyuzipepala. Wounika amangolemba chimene chili pa kanemapo, n'kufotokoza chifukwa chake chikugwira mtima kapena ayi, kuti woonera amene watuluka m'holo mutu ukuwawa, koma osadziwa chamuvuta, apeze mawu ake. Ambiri amene anasangalala nayo mu 2009 anali ndi zaka 12 kapena 15, ndipo palibe amene angawalande chisangalalo chimenecho. Ndi angati mwa iwo amene lero angakhale pansi n'kuionanso yonse, kuyambira pachiyambi mpaka ku piramidi, osagwira rimoti?

Mu December 2018 Paramount inatulutsa Bumblebee, yotsogoleredwa ndi Travis Knight, munthu wochokera ku mafilimu a zidole zojambulidwa pang'onopang'ono ndi manja. Anachepetsa maloboti, anawapatsa maonekedwe osavuta kuzindikira ngati a katuni ya 1984, ndipo nkhani anaibwezera pamene Spielberg anaiyambira: mtsikana wa zaka 18 amene bambo ake anamwalira, ndi galimoto yake yoyamba, Volkswagen yachikasu. Akatswiri pafupifupi 90 pa 100 alionse anaiyamikira. Inapeza $468 miliyoni padziko lonse, zochepa kuposa filimu iliyonse mwa zisanu za Bay.

Ngati muli ndi madzulo amodzi okha sabata ino ndipo mwana akukuvutitsani kuti akufuna maloboti, muikireni Bumblebee. Revenge of the Fallen muipititse mpaka pa nkhondo ya m'nkhalango ija, muonere limodzi mphindi zochepazo, Optimus akagwa muzimitse.